Ndatsala pang'ono kupuma usilikali, koma tulo tandithawa: ndiyambire pati?

Funso: Ndine sajeni, ndagwira usilikali zaka 24 ndipo ndatsala ndi miyezi 14 kuti ndipume. Kwathu ndi ku Santhe m'boma la Kasungu. Ndili ndi mkazi ndi ana anayi, awiri ali kusekondale. Ndinapitako kawiri ku DRC, koma mantha amene ndili nawo panopa sindinawamvepo kunkhondo. Usiku ndimangotembenuka: ndizikadya chiyani, ndikakhala ndani kumudzi? Abale ayamba kale kundiuza za minibasi ndi fodya. Ndichite bwanji?

Yankho:

A Sajeni, mwachita bwino kulemba. Amuna ambiri a msinkhu wanu amafa nazo mumtima nkhani ngati izi, n'kumadzaonekera pa mowa kapena pa ukali wa pakhomo.

Musadabwe kuti mantha a lero akuposa a ku DRC. Kumene kuja munkadziwa amene akulamula, amene ali kudzanja lanu lamanja, ndi chochita mfuti ikalira. Thupi linazolowetsedwa kuchokera ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Koma za kupuma palibe anakuphunzitsani. Taganizaninso zimene ntchitoyi yakhala ikukusenzerani zaka zonsezi: nyumba ya kukampu ndi madzi ake, malipiro a mwezi ndi mwezi, chipatala chapafupi, wokuuzani nthawi yodzuka, ndi anzanu oti mukadwala amadziwa tsiku lomwelo. Zonsezi zimachoka tsiku limodzi. Mtima wanu waziwerengera kale, n'chifukwa chake ukukana kugona. Ntchito ya miyezi 14 yatsalayi ndi kupezeratu cholowa m'malo mwa chilichonse mwa zimenezi mudakali pa malipiro. Gulani kope limodzi, mulembe chokuopsani chilichonse pa tsamba lakelake, ndipo m'munsi mwake muike chochita ndi tsiku lochichita.

Yambani ndi mapepala, mwezi uno. Pitani kwa osunga mafayilo ndi kwa oona za malipiro pa kampu yanu, mupemphe kuona fayilo yanu ndi maso anu. Yang'anani kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa, tsiku lolowa ntchito, ndiponso ngati kukwezedwa konse pa udindo kunalembedwa, popeza ndalama zopumira zimatsatira malipiro ndi zaka zimene mwagwira. Inu munalowa ntchito ziphaso za unzika zisanabwere mu 2017, ndiye n'zotheka kuti fayilo ikunena china, chiphaso china, kubanki chinanso: apa chilembo chasowa m'dzina, apo chaka chobadwa chasiyana ndi chimodzi. Kanthu kotere kamatha kuimitsa ndalama miyezi ingapo. Mudakali m'kati mumangoyenda wapansi kupita ku ofesi; mukakhala ku Santhe ndiye kukwera minibasi kupita ku Lilongwe kangapo, ndi ndalama za m'thumba mwanu. Onetsetsaninso kuti mayi a kunyumba ndi ana onse anayi alembedwa m'fayilomo. Pemphani kuti akuwerengereni papepala ndalama imene mudzalandire kamodzi, penshoni ya pamwezi, ndi ngongole zimene zidzadulidwe. Pepala lililonse likopereni katatu, mulijambulenso pafoni.

Pali china chimene ambiri amachinyalanyaza chifukwa cha kulimba mtima. Ngati khutu linagontha ndi mizinga, bondo limatupa, kapena msana unavulala pa ntchito, kaonaneni ndi dokotala wa kukampu panopa kuti zilembedwe. Kudzafotokoza patatha zaka zitatu kuti vutoli linayambira ku ntchito n'kovuta kwambiri ngati palibe cholembedwa. Katundu wa boma mubweze yense, mulandire siginecha. Chipolopolo ngakhale chimodzi musatenge ngati chikumbutso. Kwa munthu wamba ndi mlandu.

Tsopano ndalama, pomwe pagona nkhani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama yopumira isanalowe mu akaunti, musaikongolere kanthu. Akatapila amawadziwa asilikali oyandikira kupuma ndipo amakongoza mosavuta, koma chiwongoladzanja cha pamwezi chikamaunjikana pamene ndalama yachedwa, tsiku lolandira mumangokhala wopititsa. Konzekerani kuti pakati pa malipiro omaliza ndi penshoni yoyamba pakhoza kudutsa nthawi. Werengerani zofunika pakhomo panu pa mwezi, chakudya, sopo, fizi, mayendedwe, mankhwala, muchulukitse kasanu ndi kamodzi, ndipo muyambe kuunjika ndalama imeneyo kuchokera pa malipiro a mwezi uno. Mukalephera kufika pamenepo, ngakhale ya miyezi itatu ndi matumba a chimanga okwanira chaka zimasintha kagonedwe ka munthu. Wina akakuimbirani foni kuti ali ku ofesi yoona za penshoni ndipo mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti fayilo iyende msanga, dulani foniyo. Ngati zachedwadi mopitirira muyeso, lembani kalata kudzera ku ofesi yanu yakale, musunge kope, ndipo zikakanika ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere.

Ikadzalowa ndalamayo, ife timalangiza kuti miyezi itatu yoyamba musagule chinthu chachikulu chilichonse. Bwezani ngongole zokhala ndi chiwongoladzanja, lipirani fizi, basi. Yotsalayo isakhale mu akaunti yolumikizidwa ku foni, chifukwa ndalama yotuluka ndi chala imatha pa maliro, pa zinkhoswe ndi pa bala munthu osaona. Itsekereni kubanki kwa nthawi yoikika, kapena funsani banki yanu za kukongoza boma kudzera mu ma Treasury bill, amene amakhala a masiku 91, 182 kapena 364. Izi zimakupatsaninso yankho loona kwa abale: ndalama ndinaitsekera, situluka mpaka mwezi wakuti. Komabe musaigoneke zaka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anasunga ndalama ya malata 40 anadzuka ikukwana ochepa. Ndiye miyezi itatuyo ndi yoziziritsa mutu, kenako ndalama igawidwe: gawo la nyumba, gawo la sukulu ya ana awiri a kusekondalewo mpaka amalize, gawo la padzidzidzi losakhudzidwa, ndipo mpamba wa bizinesi kapena ulimi usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Bizinesi yoyamba ya munthu amene sanachitepo malonda imakhala sukulu, ndipo sukuluyo isadye nyumba.

Za abale, gwirizanani ndi mayi a kunyumba ndalama yodziwika yothandizira mbali zonse ziwiri, kwanu ndi kwawo, muipereke poyera, ikatha yatha. Kukana aliyense kumakudanitsani ndi mudzi umene mukukakhalamo. Kuvomera aliyense kumakusiyani mukupempha kwa omwewo chaka chisanathe.

Minibasi tikuikana mosabisa. Galimoto imene mpamba wanu ungakwanitse ndi yoti yayenda kale kwambiri. Imafuna inshuwalansi, chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, matayala, ndi mafuta amene nthawi zina amasowa mpaka galimoto kugona pamzere masiku. Inu muli ku Santhe, iyo ili pamsewu wa Chinkhoma ndi Kamwendo m'manja mwa dalaivala ndi kondakitala, ndipo mumalandira chimene iwo anena kuti chapezeka. Injini ikafa kamodzi imadya phindu la miyezi ingapo. Amene amapindula nayo ndi amene amaiyendetsa okha kapena amadziwa kuikonza okha.

Fodya ndi nkhani ina, chifukwa ku Kasungu wamangitsadi nyumba zambiri ndipo msika wa Chinkhoma muli nawo pafupi. Koma taonani kayendedwe ka ndalama yake. Mumalembetsa ku Tobacco Commission, mumafesa nazale dzuwa lili pamutu mvula isanayambe, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kumanga chigafa, kugula feteleza wambiri, kudyetsa ndi kulipira antchito, kuthyola, kusoka, kusankha magiredi, kudinda mabelo. Ndalama imangotuluka kwa miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo msika umatsegulidwa cha mu April. Wosadziwa kusankha amasakaniza masamba, belo n'kubwezedwa kapena kugulidwa motchipa. Wa pa kontrakiti amayamba wadulidwa ngongole ya zipangizo asanaone yake. Ngati mtima uli pa fodya, chaka choyamba thandizanani ndi mbale amene amalima bwino, mulembe ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, mudzasankhe mutaona manambala.

Mwayi wanu waukulu ndi uwu: m'miyezi 14 muli dzinja lathunthu limodzi. Liyeseni ulimi mudakali pa malipiro, kuti zolakwa zoyamba zilipiridwe ndi salale. Maekala awiri kapena atatu akwana. Ekala imodzi ya chimanga imafuna mbewu pafupifupi makilogalamu 10, mizere yotalikana masentimita 75, mapando otalikana masentimita 25, njere imodzi pa phando. Feteleza wokulitsa wa NPK alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa wa Urea patatha masabata atatu kapena anayi. Thumba limodzi la mtundu uliwonse pa ekala ndiye poyambira, ndipo mlangizi wa zaulimi wa dera lanu akuuzani ngati nthaka yanu ikufuna woonjezera. Cholakwika chofala kwa olima ali kutali ndi kuchedwa: ndalama ya feteleza imatumizidwa mochedwa, kapena imafika n'kugwira ntchito ina, kupalira kumachedwa sabata ziwiri, ndipo zokolola zimatsika ndi kuchedwako. Gulani feteleza weniweniyo nokha, mumusiye m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo tchuthi chanu muchiike pa nthawi yobzala. Ekala inayo ikhale ya soya kapena mtedza. Mbewu ya soya isakanizeni ndi inokulanti, mankhwala othandiza mizu yake kupanga chonde, tsiku lobzala, pamthunzi, ndipo mumukolole makoko asanayambe kuthetheka. Mtedza ngati CG7 uumitsidwe bwino usanalowe m'thumba, ndipo musaunyowetse pofuna kuswa mosavuta, chifukwa chuku chimayambira pamenepo ndipo ogula abwino amaukana. Pokolola mavenda amafika ndi masikelo awo mitengo ili pansi. Amene ali ndi matumba osalowa mpweya a PICS ndi ndalama ina yodyera amatha kudikira miyezi ya njala pamene mitengo imakwera.

Ziweto yambani ndi mbuzi zochepa ndi nkhuku zachikuda zolandira katemera wa chitopa pa nthawi yake. Nkhumba zimabereka msanga, koma chigodola chilibe katemera kapena mankhwala, ndipo chimavuta kwambiri chigawo chino cha ku Mchinji ndi madera oyandikana nacho. Khola lonse limatha sabata imodzi.

Zonsezi zikufuna malo, ndipo apa tikupemphani kuti mudekhe. Munda umene mukuuwerengera kuti ndi wanu, wina wakhala akuulima zaka 24. Kwa ife Achewa malo amayenda ndi mbumba, ndiye musanaumbe njerwa khalani pansi ndi atsibweni anu, alongo anu ndi a nyakwawa, muyende m'malire ndi mapazi pamaso pa mboni, zogwirizanazo zilembedwe. Funso lovuta kulifunsa koma lofunika ndi ili: inu mutatsogola, mayi a kunyumba ndi ana adzaloledwa kukhala pa nyumbayo? Ngati mukumanga kwawo kwa akazi anu, funso lomwelo litembenuzeni. Mayankho akakhala okayikitsa, ndi bwino kugula kapuloti pa Santhe penipeni kapena pa boma, kokhala ndi mapepala m'dzina la banja lanu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere, ndipo a ofesi ya zamalo kwa DC ku Kasungu angakuuzeni ndondomeko yake. Lembaninso wilo, musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, koma pepala lolembedwa ndi inu limatseka mikangano isanayambe.

Nyumba mangani yaing'ono imene mungaimalize: zipinda ziwiri kapena zitatu, denga, zitseko, chimbudzi. M'midzi mwathu mwadzaza nyumba za zipinda zisanu ndi chimodzi zimene zinaima pa mawindo, udzu ukumera m'kati. Malata mukhoza kugula pang'onopang'ono kuyambira pano chifukwa saonongeka; simenti gulani pomanga, chifukwa ikakhala miyezi ingapo imagwirana miyala.

Mukhoza kufunanso ntchito yolembedwa, ndipo zaka zanu zikulola. Vuto ndi loti luso la kukampu nthawi zambiri lilibe pepala limene bwana wamba amalidziwa. Ngati mumayendetsa galimoto zazikulu, konzani laisensi ya ku Road Traffic ya gulu loyenera musanatuluke. Ngati ndinu makaniko, mmisiri womanga, wowotcherera kapena wa zamagetsi, funsani a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za kuyesedwa pa luso limene muli nalo kale kuti mupeze satifiketi. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete sili kutali ndi kwanu. Polemba kalata yofunsira ntchito musangoti ndinali sajeni. Lembani kuti munkayang'anira anthu pafupifupi 30, munkasunga kaundula wa katundu, munkaphunzitsa achinyamata, munagwira ntchito ndi asilikali a mayiko ena pansi pa United Nations. Makampani a zachitetezo adzakufunani, koma pemphani uyang'aniri kapena uphunzitsi. Ulonda wa usiku pa geti malipiro ake ndi ochepa, ndipo umaononga tulo timene mukuvutika nato kale.

Musaiwale kuti amayi nawonso akupuma. Akusiya mpopi, magetsi, anzawo a kumpingo, mwina ndi kabizinesi kawo ka kukampu, kupita kukatunga pa mjigo pakati pa azilamu awo. Kope lija muzilemba limodzi, ndipo manambala onse awadziwe. Mwana amene ali Fomu 2 kapena Fomu 4 musamusamutse pakati pa chaka atalembetsa kale mayeso a MANEB. Ndi bwino atsale kwa mbale kapena kugonera konko mpaka alembe.

Tibwerere ku tulo, chifukwa mantha alipo a mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. A mawa, oti ndidzadya chiyani, amachepa mapepala ndi manambala akamalongosoka. Muziwapatsa nthawi yawo masana, mphindi 30 ndi kope, kuti asakutsatireni pa bedi. Akakudzutsani usiku, musagone chotembenuka kupitirira theka la ola: dzukani, khalani pampando mumdima, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zisanu, mubwerere pogona tulo tikabwera. Tiyi wambiri madzulo ndi foni pa bedi zisiyeni. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku mtima ukugunda, ndipo mlingo wake umakwera mwezi ndi mwezi.

Mtundu wachiwiri ndi wa zimene maso anaona. Asilikali athu akhala ali kum'mawa kwa DRC pa ntchito yomenyana ndi zigawenga kuyambira 2013. Mu November 2018 anzanu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 enanso anatisiya pa nkhondo ya ku Goma. Amene anabwerako amoyo ena anabwera ndi bala losaoneka, ndipo kawirikawiri limayamba kuwawa ntchito ikatha, phokoso la kukampu litazilala. Zizindikiro zake ndi izi: kulota zomwezomwezo mpaka kudzuka thukuta lili kamukamu, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka kapena njinga yamoto ikaphulika, kukhala moyang'ana khomo nthawi zonse, kupewa msika ndi pagulu, kupsa mtima pa kanthu kakang'ono, kapena kuuma mtima osamvanso chikondi pa ana ako omwe. Zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza pakhomo, amenewo ndi matenda odziwika ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Yambirani kuchipatala cha kukampu mudakali m'kati. Mukatuluka, pa chipatala chachikulu cha Kasungu funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ndipo ntchito yawo ndi imeneyi. Pemphero ndi abusa zimathandiza, ziyende limodzi ndi chipatala. Ndipo maganizo oti bola kungofa akabwera, ngakhale kamodzi, uzani amayi kapena mnzanu tsiku lomwelo, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, mupite kuchipatala osadikira kuti kuche kawiri. Pomwepo yezetsaninso BP ndi shuga, popeza thupi lozolowera kuthamanga likangokhala pansi matendawa amatha kubwera.

Funso lanu lomaliza, loti mukakhala ndani kumudzi, ndi limene limapweteka kwambiri ngakhale silitchula ndalama. Kumudzi palibe adzakuimirani njo. Msonkhano wa 8 koloko udzayamba 10 koloko, ndipo mnyamata wa ganyu mukamukalipira ngati likuluti mawa sabweranso, n'kuuza anzake. Ana anunso, amene anazolowera bambo wochoka m'mawa kapena wokhala kunja chaka chathunthu, adzaona zachilendo kukhala nanu tsiku lonse. Pakhomo pasasanduke perete. Dzisungireni ndondomeko yanu nokha: kudzuka nthawi yomweyo, kuyenda kapena kuthamanga makilomita angapo, kumunda mpaka dzuwa litakwera, ntchito imodzi yodziwika masana. Masiku opanda chochita ndi amene amakokera munthu ku kachasu 9 koloko m'mawa. Tengani manambala a anzanu atatu amene munapita nawo ku DRC, mugwirizane tsiku loimbirana sabata iliyonse, ndipo lembetsani ku VELOM, bungwe la asilikali opuma, kuti mudziwane ndi ena a m'boma lanu amene anadutsa kale njirayi.

Ulemu wa kumudzi umapezeka pa maliro, pa chitukuko ndi pa bwalo la mfumu, ndipo umayamba munthu asanasamuke. Pa tchuthi chikubwerachi pitani ku Santhe opanda yunifolomu, mukaonekere kwa a nyakwawa ndi kankhuku m'manja, muwauze mwezi umene mukubwera kudzakhala. Kukagwa zovuta muli konko, musangotumiza chipepeso; pitani mukagone pa siwa, m'mawa mugwire khasu limodzi ndi adzukulu kumanda.